Mapadi a mabuleki akudyeka mosiyana pa SUV: mafunso ndi mayankho

Mukamasula mapadi akale musafulumire kuwataya. Ayaleni pansi onse anayi monga mmene anakhalira pagalimoto, akumanzere paokha, akumanja paokha, ndipo mudziwe yamkati ndi yakunja. Padi siitha mosiyana ndi inzake popanda chifukwa, ndipo mmene yadyekera ndi mmene mungadziwire pamene pavuta. Wongoika mapadi atsopano osapeza chifukwacho amabwereranso kugalaja pakangotha miyezi yochepa, mwinanso disiki itapsa kale.

Kodi kusiyana kumayambira pati kuti tinene kuti pali vuto?

Chimene timayeza ndi mnofu wa padi, kunena kuti chigawo chimene chimakhuzana ndi disiki, osawerengera chitsulo chakumsana kwake. Padi yatsopano yakutsogolo imakhala ndi mnofu wa mamilimita 10 mpaka 12, zakumbuyo zimacheperako pang'ono. Mapadi awiri a gudumu limodzi akasiyana ndi milimita imodzi palibe chodetsa nkhawa, makamaka ngati yopyapyalayo ndi yamkati. Akasiyana ndi mamilimita 2 kapena 3 yambani kufufuza. Ina ikakhala ndi mamilimita 7 inzake 3, ndiye kuti china chake chakanirira ndithu.

Padi imasinthidwa ikafika pa mamilimita 3. Muyezo umenewu ndi wa malo opyapyala kwambiri a padi yopyapyala kwambiri. Apa ndi pamene ambiri amanamizika: munthu akasuzumira m'mipata ya limu amaona padi yakunja yokha, nayesa kuti zonse zili bwino, pamene yamkati yatsala pang'ono kufika pachitsulo. Chotsani gudumu, walitsani tochi pakazenera ka kalipa (chipangizo chimene chimapana mapadi padisiki), muone zonse ziwiri, kumtunda ndi kumunsi komwe.

Kalipa imagwira bwanji ntchito kuti mapadi azidyeka mofanana?

Ma SUV ambiri ali ndi kalipa yotsetsereka. Imakhala ndi pisitoni imodzi kapena ziwiri mbali yamkati yokha. Mukaponda buleki, mafuta amakankha pisitoni, pisitoni n'kukankhira padi yamkati padisiki. Mphamvu yomweyo imabweza thupi la kalipa chamkati, likutsetsereka pa mapini awiri, ndipo pobwererapo limakoka padi yakunja kuti nayo ipane disiki. Ndiye kuti padi yakunja imadalira mapini basi. Mapini akauma, iyo imangokhala.

Mukachotsa phazi, palibe sipuling'i imene imabweza pisitoni. Chimene chimaibweza ndi silo ya labala imene ili m'kati mwa kalipa: imapindika pang'ono pisitoni ikamatuluka, kenako imawongoka n'kuikokera m'mbuyo kamtunda kosakwana milimita. Kamphamvu kameneka n'kochepa kwambiri, n'chifukwa chake dzimbiri lochepa chabe limakwanira kuti pisitoni isabwerere.

Magalimoto ena akuluakulu, monga Toyota Land Cruiser ndi Prado, kutsogolo ali ndi kalipa yosasuntha, ya mapisitoni anayi, awiri mbali iliyonse ya disiki. Pamenepo mapini otsetserekapo palibe. Vuto limakhala pisitoni imodzi mwa zinayizo, kapena mapadi amene akanirira pa timisomali timene timawagwira.

Padi yamkati yatha koma yakunja ikadali ndi mnofu wambiri. Chavuta n'chiyani?

Zifukwa zikuluzikulu ndi ziwiri, ndipo kuzisiyanitsa n'kosavuta.

Choyamba, mapini auma. Kalipa siikutsetsereka, choncho ntchito yonse yoimitsa galimoto yatsalira padi yamkati. Masulani mabawuti a kalipa, ichotseni, kenako gwirani mutu wa pini iliyonse ndi zala. Pini yabwino imalowa ndi kutuluka mofewa komanso imazungulira. Ikafuna pulayala kapena hamala kuti isunthe, mwapeza gwero lake. Kawirikawiri mudzaona mbali yakunja ya disiki ili ndi dzimbiri pamene yamkati ili mbee, umboni woti padi yakunja sinkakhudza bwino.

Chachiwiri, pisitoni siikubwerera. Padi yamkati imakhala ikukhuza disiki ulendo wonse ngakhale simukuponda buleki. Ngati mapini ali bwino, yesani kubweza pisitoni ndi chida chopanira. Iyenera kulowa pang'onopang'ono, mosadukiza, popanda kulimbana nayo. Ikakana, kapena ikalowa modumphadumpha, funyululani labala wotchinga fumbi muone khosi la pisitoni. Mukapeza dzimbiri, madzi kapena labala wong'ambika, yankho ndi limenelo.

Palinso chachitatu chimene chimaiwalika: padi yakunja ikhoza kukhala kuti yamatirira m'bulaketi (chitsulo chimene mapadi amakhalamo), moti ngakhale kalipa ikuikoka iyo siikusuntha. Padi yoti mwaichotsa mochita kuimenya inali yosagwira ntchito bwino.

Nanga ikatha yakunja, yamkati n'kutsala?

Apa pisitoni ikubwerera bwino, koma kalipa kapena padi yakunjayo siikumasuka. Mphamvu ya mafuta ndi yaikulu, imakwanitsa kukoka kalipa ngakhale mapini ali olimbirako asanaumiretu, koma mukachotsa phazi palibe choibweza, ndiye padi yakunja imatsala itatsamira disiki. Yang'anani mapini, malabala awo, ndi makutu a padi pamene amakhala m'bulaketi.

Padi yadyeka mopendekera, mbali ina yokhuthala ina yopyapyala ngati nkhwangwa. Zimenezi zikutanthauza chiyani?

Zikutanthauza kuti padi inkafika padisiki chopendama. Nthawi zambiri pini imodzi yauma pamene inzake ikuyenda, ndiye kalipa imazungulira pa pini youmayo ngati chitseko. Zimachitikanso mapini akadyeka n'kuyamba kugwedera m'mabowo mwawo, kapena khutu limodzi la padi likamangika m'bulaketi.

Za makutuwa tifotokozeko bwino, chifukwa vuto lake limabisala. Makutu a padi amatsetsereka pa tizitsulo topyapyala tonyezimira, makilipi, timene timavala pabulaketi. Tizitsuloti sitichita dzimbiri, koma bulaketi imene ili pansi pake imachita. Dzimbiri likamakula limafufuma, n'kutukula kilipi, mpata wa padi n'kuchepa. Poyang'ana pamwamba zonse zimaoneka zoyera. Muyenera kuchotsa kilipi kuti muone chikhungwa chofiirira chimene chili pansi pake. Chipaleni ndi fayilo mpaka chitsulo choyera chioneke. Bulashi yawaya payokha imangochipukuta, siichotsa dzimbiri lokhuthala.

Musapale makutu a padi yatsopano pagirayinda kuti ilowe. Mukatero mwasiya dzimbiri pamalo pake, mwachotsa utoto woteteza makutuwo, ndipo padi idzayamba kugogoda.

Pa kalipa ya mapisitoni awiri kapena anayi, kupendekera kumasonyeza kuti pisitoni imodzi yakanirira. Ikani kathabwa pamalo pa disiki, mnzanu aponde buleki pang'onopang'ono, inu muone ngati mapisitoni onse akutuluka. Kathabwako n'koteteza kuti pisitoni isafwamphuke, ndipo zala zanu zisakhale pamenepo.

Onaninso ngati mapadi anaikidwa m'malo mwake. Pa magalimoto ena padi yamkati ndi yakunja n'zosiyana, ndipo ena ali ndi muvi wosonyeza kumene disiki imazungulirira.

Mapadi onse awiri a gudumu limodzi atha, a gudumu linalo akadali bwino. Ndiyambire pati?

Pali njira ziwiri zoganizira. Mwina mbali yothayo ikugwira nthawi zonse, kapena mbali inayo siikugwira n'komwe ndipo yothayo ikugwira ntchito ya awiri. Musangothamangira mbali yothayo, yesani zonse.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, tsekerezani magudumu otsala pansi, kwezani ndi jeke, ndipo ikhazikeni pa masitandi. SUV ndi yolemera, jeke yekha musamukhulupirire. Pondani buleki mwamphamvu kangapo, chotsani phazi, pomwepo zungulizani gudumu lililonse ndi manja. Kaphokoso kakang'ono ka padi kokhudza disiki n'kabwinobwino. Gudumu lolimba kuzunguliza ndiye lolakwika. Ngati galimoto ndi yokoka ndi magudumu onse anayi, kumbukirani kuti magiya nawo amalimbitsa gudumu, choncho yerekezani kumanzere ndi kumanja.

Gudumu likalimba, tsegulani pang'ono kanipo kotulutsira mpweya pakalipa. Mafuta akatuluka mwamphamvu gudumu n'kumasuka nthawi yomweyo, ndiye kuti kalipa ilibe mlandu: mafuta anatsekeredwa, sankabwerera. Woyamba kumuganizira ndi payipi ya labala imene imabweretsa mafuta kukalipa. Payipi imeneyi ikakalamba imafufuma kapena kusupuka m'kati, kunja ikuoneka yabwino. Mphamvu ya phazi imakankha mafuta kudutsa pothinapo, koma pobwerera alibe chowakankha. Kachitsulo kogwirira payipi nako kakachita dzimbiri kamaipana. Payipi yotere siikonzedwa, imasinthidwa, ndipo ndi bwino kusintha mbali zonse ziwiri popeza zinakalambira limodzi.

Mukatsegula kanipo gudumu n'kukhalabe lolimba, vuto lili pa kalipa yeniyeniyo: pisitoni, mapini kapena mapadi omangika.

Ngati magudumu awiri kapena onse akugwira, ndipo amamasuka mukatsegula kanipo, fufuzani kumtunda, kumene mafuta amachokera. Masulani pang'ono payipi yachitsulo pa master cylinder, pampu imene pedulo ya buleki imakankha. Magudumu akamasuka, ndiye kuti mafuta sakubwerera m'kathanki ka mafuta a mabuleki. Zimachitika pedulo ikapanda kubwerera mpaka kumapeto, mwina chifukwa switchi ya magetsi a buleki inaikidwa mothina, kapena malabala a m'kati atafufuma.

Ndingazindikire bwanji vutoli ndikuyendetsa, ndisanamasule kalikonse?

Galimoto imakokera mbali imodzi mukaponda buleki. Kalipa imene siikugwira imachititsa galimoto kukokera kumbali yabwinoyo. Imene ikugwira nthawi zonse imakokera kumbali kwake, koma ikatentha kwambiri mphamvu zake zimatha, galimoto n'kuyamba kukokera kwina mukaponda. N'chifukwa chake kukokera pakokha sikungakuuzeni mbali yolakwika.

Zodalirika kwambiri ndi kutentha ndi fumbi. Yendani makilomita 10 osaponda buleki pafupipafupi, imani, yandikizani dzanja pa limu iliyonse osakhudza disiki. Gudumu lotentha kuposa linzake la mbali inayo, kapena lonunkha chopserera, likugwira. Ngati muli ndi choyezera kutentha cholozera patali, lozani malo ofanana pa madisiki awiriwo. Limu imodzi yakuda bii ndi fumbi pamene inzake ili yoyera ikunenanso zomwezo. Zizindikiro zina ndi galimoto yosafuna kugubuduka yokha pamalo otsetsereka pang'ono, petulo kapena dizilo kutha msanga, ndi disiki yosanduka yabuluu.

N'chifukwa chiyani vutoli limachuluka pa ma SUV?

Kulemera ndi malo amene amayendamo. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Galimoto ya makilogalamu 2,200 imatulutsa kutentha kowirikiza kawiri poyerekeza ndi ya makilogalamu 1,100 zikaima kuchokera pa liwiro limodzi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri kutenthako kumawirikiza kanayi. Onjezanipo katundu, ngolo yokoka ndi matayala akuluakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo. Kutentha kumeneku kumaumitsa girisi wa mapini ndi kukalambitsa malabala.

Kenako pali madzi ndi matope. Kalipa yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati mwa malabala a mapini umanyala, ndipo labala akakhala ndi kaming'alu madzi amayamwidwira m'kati. Mchenga umadzaza m'makilipi. Mukachoka m'matope tsukani kuseri kwa magudumu ndi madzi, koma mabuleki atazizira, ndipo musalunjike madzi amphamvu pa malabala. Galimoto yongokhala miyezi osayenda nayo imachita dzimbiri m'malo omwewa.

Potsika phiri lalitali lowetsani giya yotsika kuti injini ithandize. Kutsika phazi lili pabuleki njira yonse kumaphika mapadi, girisi ndi mafuta omwe.

Mapini ouma ndiwakonze bwanji?

Mukachotsa kalipa ipachikeni ndi waya pa sipuling'i ya gudumu. Isalendewere pa payipi ya labala, chifukwa kulemera kwake kumawononga payipiyo m'kati. Sololani pini imodzi imodzi, ndipo kumbukirani bowo limene iliyonse yachokera. Pa magalimoto ambiri mapini awiriwa safanana: imodzi imakhala ndi kalabala kunsonga, ndipo ili ndi malo ake.

Pini yokanirira ithirireni mafuta osungunula dzimbiri, muizungulize uku ndi uku ndi sipanala kwinaku mukuikoka. Ikafuna moto, chotsani kaye bulaketi pagalimoto, malabala onse muwataye. Pukutani pini, dzimbiri lapamwamba mulichotse ndi sandipepa wosalala. Pini yokumbika timaenje, yopindika kapena yodyeka mbali imodzi isintheni. Bowo nalo litsukeni ndi kabulashi kozungulira ndi mankhwala otsukira mabuleki mpaka nsanza izituluka yoyera, kenako liume. Ambiri amatsuka pini n'kuiwala bowo, girisi wakale wouma n'kutsala pansi.

Pakani girisi wopyapyala kuzungulira pini. Musadzaze bowo, ndipo musaunjike girisi kunsonga, chifukwa pini imalephera kufika pansi, imabwerera yokha n'kusiya padi itatsamira disiki. Valikani labala watsopano, muone kuti walowa m'mphako mwake mbali zonse ziwiri, mufinye mpweya wotsekeredwa, ndipo yesani pini ndi zala.

Mabawuti a mapini amamangidwa mopepuka, pa magalimoto ambiri pakati pa 25 ndi 35 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira), pamene a bulaketi amafuna mphamvu yoposa pamenepo kwambiri. Nambala yeniyeni itengeni m'buku la galimoto yanu ndipo mangani ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Fumbi la mabuleki musaliuzire ndi mpweya wa kompuresa. N'loipa m'mapapo, litsukeni ndi mankhwala.

Girisi aliyense angagwire ntchito?

Ayi. Funso limeneli ndi limene limawonongetsa ntchito yabwino. Malabala a mabuleki amafufuma akakhudzana ndi girisi wamba wa mabering'i, oyilo wa injini, dizilo kapena palafini. Kalabala ka kunsonga kwa pini kakafufuma kamamanga pini m'bowo zolimba kuposa dzimbiri. Pa mapini pakani girisi wa silikoni wopangidwira mabuleki, kapena amene wopanga galimoto analemba. Girisi wa kopa si wa mapini okhala ndi labala.

Pa makutu a padi ndi pansi pa makilipi pakani girisi wa mabuleki wopirira kutentha, pang'ono chabe, wongonyowetsa. Wambiri amakola mchenga. Pa mnofu wa padi ndi pankhope ya disiki pasafike girisi ngakhale kadontho. Padi imene yamwa oyilo, kaya wochokera ku silo ya ekiselo yodontha kaya mafuta a mabuleki, siitsukika. Isintheni, mutatseka kaye podontherapo.

Pisitoni yokanirira ndiikonze kapena ndigule kalipa ina?

Zimadalira mmene pisitoni ndi mphako ya silo zilili. Pisitoni ikakhala yosalala, yongodetsedwa, itsukeni ndi kuika silo ndi labala wafumbi zatsopano. Poika, nyowetsani silo ndi pisitoni ndi mafuta a mabuleki atsopano, ndipo pisitoni ilowe ndi mphamvu ya zala, mowongoka. Pisitoni yokumbika kapena yosupuka chikutiro chake isabwererenso, chifukwa idzacheka silo yatsopanoyo. Ngati mphako ya silo yadyeka ndi dzimbiri, kapena kanipo kathyokera m'kati, sinthani kalipa yonse. Poika kalipa ina onetsetsani kuti kanipo kali kumtunda. Mukasinthanitsa yakumanzere ndi yakumanja kanipo kamakhala kumunsi, ndipo mpweya sungatuluke ngakhale mupope tsiku lonse.

Kungoibweza pisitoni ndi mphamvu, n'kuika mapadi atsopano, sikukonza. Idzakanirira pomwepo.

Pobweza pisitoni yabwino, ndi nzeru kutsegula kanipo kuti mafuta akuda a m'kalipa atulukire m'botolo m'malo mobwerera kumtunda kukadutsa m'makina a ABS, oletsa magudumu kukanirira mukaponda buleki mwamphamvu. Mukapanda kutero, yang'anirani kathanki kuti kasasefukire, popeza mafutawa amawononga penti.

Kodi disiki ingachititse mapadi kudyeka mosiyana?

Inde, ndiponso mapadi odyeka molakwika amawononga disiki. Disiki ya mizere yakuya, kapena imene nkhope imodzi yachita zikhungwa za dzimbiri, imadya padi ya mbali imeneyo ngati fayilo. Mlomo wotsala m'mphepete mwa disiki yakale umachititsa padi yatsopano kukhala chopendama.

Yezani makulidwe a disiki ndi micrometer pamalo 6 kapena 8 kuzungulira, pafupifupi mamilimita 10 kuchokera m'mphepete. Muyezo wotsiriza wololedwa unadindidwa padisiki pomwepo, nthawi zambiri pambuyo pa zilembo zoti MIN TH. Disiki yofika pamenepo, kapena imene ingafikepo mukaipala pamakina, ndi yotaya. Yokhala ndi ming'alu nayonso.

Yezaninso kuyepa kwa disiki, kunena kuti kupendekera kwake uku ndi uku ikamazungulira, ndi choyezera chotchedwa dial gauge, mutaimanga ndi manati. Magalimoto ambiri salola kupitirira mamilimita 0.05. Disiki yoyepa imagunda padi pamalo amodzi ulendo uliwonse ikazungulira, makulidwe ake n'kuyamba kusiyana, ndipo ndi pamene pedulo ndi chiwongolero zimanjenjemera mukaponda buleki. Kuyepaku kawirikawiri sikuchokera m'disiki. Kachikhungwa kadzimbiri kotsala pankhope ya habu, pamene disiki imakhala, kamakwanira kupendeketsa disiki yatsopano. Palani habu mpaka iyere musanaike disiki, ndipo manati a gudumu muwamange modumphitsa, ndi torque wrench. Gwiraninso tayala kumtunda ndi kumunsi muligwedeze: bering'i yogwedera imapendeketsa disiki pakati pa mapadi.

Ndingasinthe padi yothayo yokha, kapena kusinthanitsa yamkati ndi yakunja?

Ayi. Mapadi amasinthidwa onse anayi a ekiselo imodzi, a mtundu umodzi, ndipo madisiki awiriawiri. Mapadi osiyana mtundu kapena msinkhu amagwira mosiyana, galimoto n'kumakokera mbali pamene mukufuna kuima mwadzidzidzi. Makilipi atsopano aikidwe limodzi ndi mapadiwo.

Mapadi akumbuyo akutha msanga kuposa akutsogolo. Kodi ndi vuto?

Osati nthawi zonse. Mabuleki akutsogolo ndiwo amagwira ntchito yaikulu, koma mapadi akumbuyo ndi aang'ono, ndipo pa ma SUV amakono kompyuta imatumiza mphamvu yambiri kumbuyo mukaponda mopepuka kuti galimoto isagwade mphuno. Makina oletsa kuterereka nawo amagwira mabuleki okha, gudumu limodzi limodzi, makamaka pamsewu wamiyala, wamchenga kapena wamatope. Ngati mapadi anayi akumbuyo atha mofanana, ndi mmene galimotoyo inapangidwira.

Mbali imodzi yokha ikatha, yang'anani handibuleki. Pa magalimoto amene handibuleki imagwira kudzera m'kalipa, chingwe chake kapena kamkono kake kakauma padi imatsala yogwira. Tsitsani handibuleki, muone ngati kamkono kabwerera mpaka pa choimitsira chake. Pisitoni ya kalipa yotere imabwezedwa moizunguliza ndi chida chake, osati kuipana, ndipo timipata take tiyenera kulunjika pa kamutu kamene kali kumsana kwa padi. Tikaphonyana, padi imakhala chopendama kuyambira tsiku loyamba.

Ngati handibuleki ndi yamagetsi, ya batani, iyenera kuikidwa kaye pa service mode, imene imabweza mota kuti mabuleki akonzedwe, musanagwire pisitoni, apo ayi muwononga mota yake. Ma SUV ena ali ndi tinsapato ta handibuleki m'kati mwa disiki yakumbuyo. Pamenepo handibuleki siikhudza mapadi.

Mafuta a mabuleki akukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

Mafuta a DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 amayamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 4 watsopano ayenera kupirira madigiri osachepera 230 asanawire, koma akamwa madzi muyezo wake umatsika kufika cha m'ma 155. Madzi omwewo amadyetsa dzimbiri pisitoni kuchokera m'kati. Opanga magalimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa zaka 2 zilizonse, ena 3. Thirani mtundu umene unalembedwa pa chivundikiro cha kathanki, wochokera m'botolo losatsegula. DOT 5 ndi wa silikoni, sasakanizidwa ndi enawo. Oyilo wa injini kapena wa pawa sitiyaring'i akalowa m'kathanki amafufumitsa malabala onse, magudumu n'kuyamba kugwira okha, ndipo chilichonse chokhala ndi labala chimayenera kusinthidwa.

Nthawi iliyonse mwamasula payipi kapena kusintha kalipa, chotsani mpweya mpaka pedulo ilimbe.

Kodi alayimenti yolakwika imadyetsa mapadi mosiyana?

Ayi. Imadya matayala ndipo ingachititse galimoto kukokera mbali, koma mapadi ilibe nawo gawo.

Ndingapitirize kuyendetsa kaye ndisanakonze?

Ngati mwangopeza kusiyana kwa mamilimita awiri, mnofu ukadalipo wokwanira ndipo gudumu silikutentha, mukhoza kufika kugalaja bwinobwino, koma musazengereze. Gudumu likamatentha mpaka kununkha kapena kufuka, imani. Kutentha kotero kumawiritsa mafuta pedulo n'kumira, kumasungunula girisi wa bering'i, ndipo moto ukhoza kubuka. Musathire madzi padisiki yotentha, isiyeni izizire yokha. Mukamva chitsulo chikukukuta chitsulo chinzake, kapena pedulo ikamira kufika pansi, galimotoyo inyamulidwe.

Ndamaliza kumanga. Ndichite chiyani ndisanalowe mumsewu, nanga ndidziwa bwanji kuti vuto latha?

Musanasunthe galimoto popani pedulo kangapo mpaka ilimbe. Mapisitoni munawabweza, ndiye kuponda koyamba kumapita pansi popanda buleki. Onani mlingo wa mafuta m'kathanki, yang'anani ngati pali podontha, ndiponso kuti payipi sinapotoke ndipo siikukhudza tayala mukakhotetsa chiwongolero mbali zonse.

Kenako zolowezani mapadi ndi disiki. Pamsewu wopanda anthu fikani pa liwiro la makilomita 60 pa ola, pondani molimba pang'ono mpaka litsike kufika pa 10, osaimiratu, ndipo bwerezani ka 8 kapena ka 10. Mukatero yendani mphindi zingapo osaponda kuti zizizire. Musaime phazi lili pabuleki disiki ikadali yotentha, chifukwa padi imadinda chizindikiro chake padisiki, chimene pambuyo pake chimabweretsa kunjenjemera. Ngati wopanga mapadiwo analemba njira yake pabokosi, tsatirani imeneyo. Makilomita 200 kapena 300 oyambirira pewani kuponda mwankhanza popanda chifukwa.

Mukabwerako yerekezaninso kutentha kwa magudumu awiriwo, kwezani galimoto muzungulize ngati poyamba paja. Lembani makulidwe a padi iliyonse ndi makilomita a tsikulo. Pakatha makilomita 5,000 chotsani magudumu muyezenso mapadi onse anayi, kumtunda ndi kumunsi. Galimoto yoyenda m'matope, m'madzi kapena m'misewu yothiridwa mchere mapini ake azisololedwa ndi kupakidwa girisi kamodzi pachaka, ngakhale mapadi asanathe.